Mzere Wofiira wa Bambo Verhoeks

Malemu Bambo Gijsbert Verhoeks anabadwa pa 9 Malichi 1944 konkuno ku Ellewaard, m'nyumba ya m'munsi mwa khoma lotchinga madzi. Mundikhululukire, abale ndi alongo, ndikamawerenga mothamanga. Nonse mwauona mtsinje wa Lek m'mawa uno, monganso ine mphwawo.

Sukulu ya pulayimale anaphunzira kuno, koma mu 1956 anayamba sekondale kutsidya ku Hoogmeren, kuwoloka tsiku ndi tsiku pa pantoni ya bambo awo, njinga ili m'manja. Tisanamizane pamaliro, sukulu sinawalowe. Mu 1960 anaisiya n'kuyamba ntchito pa pantoni yomweyo. Pa 14 Meyi 1969 anamanga banja ndi Mayi Neeltje Blom.

Mu 1986 midzi yathu iwiriyi inaphatikizidwa kukhala khonsolo imodzi. Maofesi, dokotala ndi siteshoni ya sitima, zonse zili kutsidya. Mandanso ali komweko, poti dothi la kuno ukakumba mafosholo awiri wapeza madzi. Mlatho umene anatilonjeza udakali papepala. Choncho maliro aliwonse a mudzi uno ankawolotsedwa ndi malemuwa, atavula chipewa, injini ataichepetsa pakati pa mtsinje.

Pamtengo wa padoko anajambulapo mzere wofiira. Madzi akaufika, pantoni sinkayenda, ngakhale ubwere ndi tayi. Wowaumiriza ankamuyankha kuti, "Ngati wafulumira, mnzanga, sambira." Anaphwanya lamulo lawoli kamodzi kokha, mu Januwale 1995, pamene tonse tinalamulidwa kusamuka. Anawolotsa okalamba khumi ndi mmodzi, chingwe chachitsulo chogwira pantoni chikulira ngati chiduka. Za tsiku limenelo sanafotokozepo mpaka imfa yawo.

Mu 2009 anapuma pantchito n'kusiyira pantoni mwana wawo wamkazi, Mayi Marijke. Mu Novembala 2023 anayamba kudwala mapapo, ndipo anatisiya pa 2 Januwale 2024 kunyumba kwawo, ali ndi zaka 79.

Tsopano mverani bwino. Madzi atsala zala zitatu kuti afike pamzere, ndipo akukwerabe. Msewu wozungulira wopita kumlatho wakutali autseka dzulo. Tikazengereza, sabata yonse ingathe manda osafikika. Tinawapempha Mayi Marijke kuti aganizenso, chifukwa sanawolokepo pamadzi otere. Anatiyankha kuti, "Bambo anawolotsa maliro a mudzi wonse. Ine ndiwasiye padoko ngati katundu?" Ine ndikuopa, sindikubisirani.

Malemu asiya mkazi wawo, Mayi Neeltje, ana awiri, Mayi Marijke ndi Bambo Teun, zidzukulu zisanu ndi ine mphwawo. Tikuthokoza anamwino amene ankawoloka m'mawa uliwonse kudzawaona, abusa athu, oyimba, ndi amayi a mumsewu wathu amene akonza khofi ndi keke kuholo.

Pa pantoni pakwera onyamula bokosi asanu ndi mmodzi, Bambo Teun ali m'gulu lomwelo, ndi Mayi Marijke pachiwongolero. Mayi Neeltje tinawaletsa, koma akana. Akuti, "Zaka makumi anayi ndinakhala pawindo kudikira kuti munthuyu abwerako kapena ayi. Lero sindidikira, ndiwaperekeza."

Enafe tikaima pakhoma, ndipo wina asapite kuholo pantoni isanabwere. Akunyamuka asanu ndi anayi pamodzi ndi malemu. Mzimu wa achimwene anga ukause mumtendere kutsidyako, ndipo Mulungu atibwezere asanu ndi atatuwo.