Khomo Limodzi la Tarmudi ndi Rasmi

Olemekezeka Bambo Kusnadi, amene mukuimira boma kuno ku Brebes. Olemekezeka a Shehe Daslam a mumzikiti mwathu. Olemekezeka Mayi dokotala Retno, amene mwalawirira kuchokera ku Tegal. Aphunzitsi, makolo anzanga. Ndi inu eni nyumba ino, amene mwakhala pamipando, amene muli pansi pa matebulo ndi amene mukuzungulira pakhonde: mtendere ukhale nanu nonse.

Ine ndine Carsinah, woika mchere mazira a abakha. Akuti ndili ndi zaka 81, koma anawerenga ndi ena, ine ndinangobadwa. Sukulu ndinaionera panja, choncho pepala ndilibe, ndipo ndiyenda pang'onopang'ono ngati bakha wokhuta. Chimkuzamawu ndachikana dala. Akumbuyo sendererani kuno, chifukwa chake muchimva.

Ndili ndi adzukulu awiri a otizimu, chibadwa chija chochititsa munthu kumva ndi kuchita zinthu mosiyana ndi anzake, ndipo onse ndi akuluakulu tsopano. Tarmudi amalankhula ngati wailesi, mayeso anakhoza onse, mabasi a ku Jakarta amawadziwa ngati abale ake. Rasmi chibadwire sanatchulepo liwu. Ali ang'ono, kuchipatala anati Tarmudi ndi wokhoza kwambiri, Rasmi ndi wokhoza pang'ono. Mudzi unafupikitsa, monga uchitira mudzi: uyu wapamwamba, uyu wapansi. Mayinawo anawakanirira kuposa amene tinawapatsa ife.

Tsono kunali ukwati wa msuweni wawo, Wasti. Mukudziwa ukwati wa kwathu kuno: amayi kuphika masiku angapo, msewu kutsekedwa, zimkuzamawu zazitali kuposa chitseko, nyimbo za dangdut zogwedeza ndi mano omwe. Wogawa ntchito anali malume awo, Wasmad, uyo akuyang'ana kudengayo. Anati wapamwamba aime pachipata azilandira alendo, wapansi akhale kuseri azisenda anyezi. Tarmudi anapempha mwaulemu kuti nayenso apite kuseri.

"Iwe, munthu wokhoza mayeso ungaope ng'oma?" anatero Wasmad. "Vala malaya, mphwanga, usatichititse manyazi."

Anavaladi malaya atsopano a batik, olimba kolala, naima pafupi ndi chimkuzamawu. Mlendo aliyense kumugwira dzanja, mayi aliyense kumufunsa kuti iye akwatira liti. Dzuwa lisanafike pamutu, pachipata panalibe munthu. Tinafunafuna. Ena anayamba kale nthabwala zoti wathawa ndi woimba wa paukwatipo.

Amene anaona ndi mayi wophika tiyi, ndipo anatifotokozera pambuyo pake. Tarmudi anali atadzipinda pansi pa tebulo la makeke, manja kumakutu. Rasmi anaika mpeni pansi, nadutsa pakati pa alendo onse aja, iye amene amadana ndi chigulu. Analowa pansi pa tebulopo, navula chipewa chake cha panjinga yamoto, chija amavala kukakhala phokoso, namuveka msuweni wake. Sanamugwire dzanja, anamukoka pamkono wa malaya. Ife tinakhala ndi Tarmudi zaka zonsezi osadziwa kuti zikamuvuta safuna kukhudzidwa khungu.

Tinawapeza m'khola la abakha anga. Wapamwamba ali khale pa ndowa, malaya a batik, kumutu chipewa cha pinki. Wapansi ali pakhomo, zala m'makutu, akulondera. Sekani ndithu, nanenso ndinaseka, ngakhale misozi inali pafupi.

Chotsatira chake sichinali choseketsa. Tarmudi anakhala chete mpaka mpunga unacha m'minda. Ntchito yake yokonza mafoni inatha. Anthu anati ndi ulesi, pakuti munthu wokhoza kwambiri angalephere bwanji kudzuka ndi kudya? Ndipo pamene nkhani yomanga nyumba ino yothandizira anthu a otizimu inayamba, tinamva kuti idzalandira okhoza pang'ono okha. Tarmudi sadzalowa, chifukwa safuna thandizo. Rasmi adzalowa, koma kudzangosungidwa, chifukwa sangaphunzire. Dzina limodzi linam'mana mmodzi thandizo, dzina linalo linam'mana mnzake maphunziro.

Ndinanyamula dengu la mazira, poti kwa akuluakulu sapita chimanjamanja, ndi kukalowa pamsonkhano wa komiti. Ndinawafotokozera za ukwati zija, kenako ndinafunsa kuti pa tsiku limene lija wapamwamba anali ndani. Wasmad, amene ali m'komitimo, anakanda m'mutu nati, "Amayi, mwabwera kudzandiphera pagulu?" Ndinati ayi mwananga, ndabwera ndi mazira.

Mayi dokotala Retno ndi amene anayankha, ndipo ndikuwathokoza pamaso panu. Anati mawu aja akuti wokhoza kwambiri ndi wokhoza pang'ono amanena zimene munthu waonetsa m'kachipinda kachete pa tsiku limodzi, sanena za tsiku la ukwati kapena la maliro. Anati ngakhale madokotala anzawo ambiri sakhutira nawo. Komiti inakangana mpaka tiyi anazizira, koma lero taonani: khomo ndi limodzi, ndipo wolowa safunsidwa kuti ndi wa gulu liti, amafunsidwa chimene chikumuvuta ndi chimene akuchitha.

Musandimve molakwa. Sindikuti adzukulu angawa ndi ofanana. Rasmi sawoloka msewu yekha, ndipo posamba amafuna womuthandiza, mwina mpaka kalekale. Tarmudi akhoza kukafika ku Jakarta yekha, koma angaiwale kudya mpaka kugwa. Zonsezi n'zoona, ndipo mawu awiri aja sangazinyamule. Ine mazira ndimawasankha, aakulu uku, aang'ono uko, chifukwa dzira la lero ndi lomwelo mawa. Munthu satero.

Aphunzitsi ano anayamba kale kuphunzitsa pakhonde la mzikiti denga lino lisanafoleredwe. Tarmudi wayambanso kukonza mafoni, m'chipinda chachete, masiku amene angathe. Rasmi anaphunzitsidwa kuloza zithunzi pafoni. Mukufuna kudziwa mawu ake oyamba kwa agogo ake? Analoza dzira la mchere, kenako analoza nkhope yonyansidwa. Moyo wake wonse ndakhala ndikumusungira dzira labwino koposa! A Shehe, musaseke kwambiri, mungatsamwe.

Makolo anzanga, mukaona zimene nyumba ino yachitira ana anu, zabwino kaya zokhota, mundilembere. Ine sindiwerenga, koma Tarmudi adzandiwerengera, ndipo zolakwika zanu adzakuuzani mosabisa.

Tsopano patsogolo panga pali phiri la mpunga wachikasu, ndipo mwambo umati nsonga yake ipite kwa wolemekezeka koposa. Bambo Kusnadi, mundikhululukire, dzulo ndinafunsa eni nyumba. Tarmudi anati iye akufuna mpunga woyera, m'mbale yakeyake, akadyere kuchipinda chachete. Rasmi sanachedwe, chala chake chinapita pansonga penipeni. Bwera, mdzukulu wanga, tenga. Dzira ndachotsapo.

M'manja musaombe, ingokwezani manja m'mwamba muwagwedeze, monga atiphunzitsira eni ake. Eya, choncho. Wasmad, nawenso kweza.

M'dzina la Mulungu wachifundo, ndi chilolezo cha akuluakulu onse muli pano, ndikulengeza kuti nyumba ino, ndi khomo lake limodzi, yatsegulidwa kuyambira lero.

Zikomo kwambiri.