Mtima wa Amayi ndi Kabati ya Zovala

Amayi atangomva kugogoda anazimitsa wailesi, n'kukankhira atelala m'kabati ya zovala, atelala amasiye aja amene ankabwera masana kudzavina nawo mwachinsinsi. Wogogodayo anali mwana wawo, mphunzitsi wa masamu, yemwe anawagulira wotchi yoyeza kugunda kwa mtima, wotchi yakazitape imene inkanena zonse pafoni yake.

"Amayi, longedzani. Mukukakhala kwathu."

"Iwe, ngakhale moni?"

"Moni. Longedzani. Masana aliwonse mtima wanu ukumathamanga ngati mukukwera phiri."

"Ndimakhala ndikusesa."

Mphunzitsiyo anawerama, anapititsa chala pansi, n'kuwaonetsa fumbi.

"Ndimasesa pang'onopang'ono," anatero Amayi.

"Ndiye mtimawo ukuthamangiranji?"

Amayi anaponya maso kukabati. Kusamuka muno kunali kusiya dzanja lofunda lija limene linkawagwira pamsana ngati likusisita nsalu yamtengo wapatali. Zimenezo ayi.

"Ndili bwinobwino ine. Pita ukaphunzitse ana a eni."

"Onani, ukukwera pompano!" Anayenda cha kuwindo, maso ali pafoni. "Eh, watsika." Anabwerera cha kukabati. "Wakweranso!"

"Ukundizunguza mutu ndiwe. Khala pansi."

"Dikirani, ndiyesenso." Kuwindo. "Watsika." Kukabati. "Mayo! Amayi, vuto lili m'kabatimu."

"Muli zovala basi."

"Ndi mankhwala a njenjete aja. Ndinakuuzani kuti fungo lake ndi loipa. Ndiwachotse."

Amayi anafika pachitseko cha kabati mwana wawoyo asanamalize kulankhula, manja atatambasula. Mawondo amene ankadandaula nawo chaka chonse sanawamve n'komwe.

"Usakhudze! Mwana wamwamuna satsegula kabati ya mayi ake."

"Inetu ndi amene ndinaimanga kabatiyi."

"Unaimanga ilibe kanthu."

Mukatimo munamveka kuyetsemula. Kamodzi, kaulemu, kotsekedwa ndi mpango.

Mphunzitsiyo anatukula nsidze. "Yayetsemula."

"Ndi yakale. Matabwa akale amatero."

"Matabwa sayetsemula, Amayi."

"Unawaphunzira? Si iwe wa masamu?"

Anaganiza kaye, n'kugwedeza mutu kuvomereza. "Zoona, si phunziro langa. Komabe ikukudwalitsani. Ndikuitana anyamata a galimoto ainyamule, akaitaye."

"Aitaye kuti?"

"Kudzala. Kapena aiwaze nkhuni."

Kabati inanjenjemera pang'ono. Amayi anaisisita ngati akutonthoza mwana.

"Kabati iyi ikatuluka muno, ine ndituluka nayo."

"Aa, ndiye zayenda! Inu kwathu, iyo kudzala."

"Komwe ipite ndi komwe ndipite."

"Kudzala? Amayi, mukumva zimene mukunena? Onani, mtima wafika pofiira! Mukuikonda chonchi kabati?"

"Ndimaikonda, inde!" Mawuwo anawapulumuka mokweza kuposa mmene ankafunira, ndipo anamva nkhope ikutentha. "Ndi yofatsa. Siyankha mwano. Imadziwa kumvetsera."

"Zafika kumutu tsopano," ananong'ona mphunzitsiyo. "Chikwama chanu chili kuti?"

Foni inalira. Mphunzitsiyo anawerenga uthenga umene unalowa, nkhope itachita makwinya.

"Ndi mwana wamkazi wa atelala. Akuti nayo wotchi ya bambo ake ikuonetsa mtima ukuthamanga koopsa, ndipo ikuti bambowo ali m'nyumba muno." Anasuzumira kunsi kwa tebulo, kuseri kwa katani, kunsi kwa bedi. "Mulibe munthu muno. Wotchi yawoyo ndi yabodza."

"Eya! Mawotchi amanama. Ndiye sindikulongedza."

"Yanuyi sinama. Ndinaisankha ndekha."

Amayi anatsegula pakamwa kuti atsutse, koma anaima. Anamuyang'ana mwana wawoyo kuyambira kunsapato mpaka kutsitsi, tsitsi lometedwa mwatsopano, kolala yonunkhira mafuta achilendo.

"Tadikira. Mwana wa atelala nambala yako anaitenga kuti?"

"Aa... timangokambirana za thanzi la makolo."

"Iwe uja umati ulibe nthawi ya akazi?"

"Ndi nkhani za mtima basi, Amayi. Mtima wanu. Ndi wa bambo ake."

"Ohoo."

Amayi anamasula wotchi ija mosapupuluma, anagwira mkono wa mphunzitsiyo, n'kumumanga nayo zolimba. Anamulanda foni, anavala magalasi, n'kutsamira kabati yawo mwamtendere.

"Khala apo. Tatchula dzina lake, tione wodwala ndani muno."