Zikwangwani za Malemu

Kampani imene malemu ankailembera zotsatsa mafilimu ndi madansi a mabandi inakonza mwambo wowakumbukira, ndipo mng'ono wawo ndiye anasankhidwa kukayankhula. Kutatsala tsiku limodzi, iye anapeza mlamu wake, mkazi wa malemu, akusesa m'chipinda chimene mwamuna wake ankagwiriramo ntchito, zikwangwani zili mbwee pansi.

"Alamu, ndithandizeni. Mawa ndikanene chiyani za achimwene?"

"Mukanene zoona," anatero mayiyo, tsache lisakuima.

"Zoonazo ndaziona kale." Mng'onoyo anatola chikwangwani n'kuchitambasula. "Tamvani: 'Mwamuna amene anagonjetsa asilikali ndi dzanja limodzi!' Ha! Ine osadziwa. Dzanja linalo linali kuti?"

"M'thumba, likufufuza ndudu. Imeneyo ndi filimu, alamu. Achimwene anuwo mphemvu ikatulukira m'bafa ankakwera pampando n'kumaitana ine."

"Koma alemba okha. Kalembedwe kawo ndimakadziwa."

"Ndiyo inali ntchito yawo! Ankalemba kuti 'Mudzaseka mpaka nthiti kuwawa,' anthu n'kudzaza holo, n'kuliza mkonono mpaka magetsi kuyaka."

"Nthitizo sizinkawawa?"

"Zinkawawa ndi mabenchi."

"Ndiye sananame."

Mayiyo anaimika tsache n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato.

"Inu, achimwene anu ankagulitsa mphepo."

"Mphepo? Ankaiika m'chiyani?"

"M'makutu mwa anthu onga inu."

Mng'onoyo anadzigwira khutu, kenako anatola chikwangwani china. "Nanga ichi? 'Usiku umodzi wokha!' Mawu achidule, ogwira mtima."

"Amenewo ndikuwadziwa. Anandiuza ine ataima pakhomo paja, chikwama chili paphewa, akutsatira bandi ina. Mwana wathu woyamba anali wa m'manja. Pobwera anamupeza akukwawa."

"Aa, mwanayo anafulumira bwanji!"

"Mwana ndiye anafulumira?"

"Nanga usiku umodzi, n'kuyamba kukwawa?"

"Mayo ine! Kodi kwanu nzeru anagawira mmodzi?"

"Achimwene ndiwo anapita patali ndi sukulu."

"Zikuoneka." Mayiyo anakokera mpando n'kukhala. "Komanso mukanene kuti anali ndi diso la nkhwezule. Woimba wamkazi aliyense ankati ndi 'mawu a mngelo.' Wina ankaimba ngati chitseko chadzimbiri, koma naye mngelo."

"Diso lake liti? Lamanzere lija? Ndimadabwa kuti magalasi aja anawayamba msanga."

"Onse awiri, alamu. Ndi magalasi omwe."

"Pepani. Kuchipatala anati chiyani?"

"Anati matenda a kubanja. Mukapimitse."

Mng'onoyo anaphethira kangapo, akuyang'ana kudenga. Kenako anakulunga chikwangwani chija ngati maikolofoni, n'kukonza kolala.

"Ndiyesere, mundimve. 'Abale ndi alongo, malemu anali munthu wofatsa...'"

"Bodza. Ankayeserera mawu a pawayilesi ali m'chimbudzi, 'Ikubwera! Ikubwera!' mpaka aneba kudzagogoda kuti kwagwanji."

"'...wokonda banja lake...'"

"Tsiku la ukwati wathu anatsala pang'ono kuchedwa, ati akumata zikwangwani za filimu ya karate. Suti inali ndi guluu m'mikono. Pondigwira dzanja tinamatirirana."

"Ndiye chikondi chimenecho."

"Ndi guluu."

"Chabwino, ndikanena momwe mukufunira." Anatsokomola n'kukweza mawu. "'Malemu anali wamantha, wogulitsa mphepo, wodwala maso. Ntchito yawo inali bodza lokhalokha, loti aliyense akanatha kulemba.'"

Mpando unagwa chagada. Mayiyo anali ataimirira.

"Aliyense?"

"Nanga bodza n'lovuta?"

"Talembani lanu tione! Tsatsani tsache ili. Yambani."

Mng'onoyo analiyang'ana tsachelo kwa nthawi. "'Tsache. Limasesa.'"

"Mwaona? Ndani angatuluke m'nyumba mvula ikugwa chifukwa cha zimenezo? Kunabwera filimu ina yopanda mawu, makina atawonongeka. Abwana awo anafuna kuibweza. Achimwene anu anangolemba kuti 'Yoopsa moti ngakhale ochita ake asowa chonena.' Mzere unakafika kumsika! Ana a lero aja kukampani, ndi makompyuta awo, angalembe zimenezo? Amangoti 'Musaphonye.' Tiphonye chiyani?"

"Ndiye anali katswiri."

"Anali wabodza."

"Katswiri wabodza?"

"Wabodza wa katswiri. Musasokoneze."

Mng'onoyo anakanda m'mutu n'kudzutsa mpando uja. "Alamu, ine mutu wazungulira. Ngati zonsezi munkazidziwa, munawalola bwanji?"

Mayiyo anayamba kusanja zikwangwani, osamuyang'ana.

"Anabwera kusitolo kumene ndinkagulitsa nsalu. Anatsamira pakauntala n'kunena kuti, 'Chemwali, malo atsala amodzi. Mawa mudzapeza tatseka.'"

"Pamzere panali akazi angati?"

"Panalibe ndi mmodzi yemwe. Nditawalola, kwawo ndinakapeza chipinda chopanda katani, matiresi ali pansi, ndi poto mmodzi wobooka."

"Ndiye nanu anakugwirani ngati aja a m'holo."

"Ine ndiye ndinakhala benchi ya kutsogolo."

"Koma aja filimu ikawabowa ankatuluka pakati. Inu munakhaliranji zaka zonsezi?"

"Ndinkadikira kuti mwina ikoma kutsogolo."

"Ndiye ndikanene kuti siinakome."

Mayiyo anamulanda chikwangwani chokulunga chija, n'kuchiwongola pabondo mosamala, makwinya onse mpaka kutha.

"Mukatero ndikugendani ndi nsapato anthu onse akuona," anatero, mawu atatsika. "Chimene chikundikwiyitsa n'choti yatha itangoyamba kukoma."