Inali pansi pa mbale

Chaka chija titangovota koyamba, zipani zitabuka ngati bowa, inu ambiri musanabadwe, mvula inakokolola mlatho ndipo basi yopita kumpoto inaima masiku atatu pano pa Boma. Sendera kuno iwe Rajabu, usamayang'ane kumbali, nkhaniyi ndi yako. Ndamva kuti sukulankhula ndi mkazi wako chifukwa cha zimene unaona mu foni yake.

M'basimo munali mzungu wa ku Amerika, wamtali, wandevu zambiri, tsitsi mpaka m'mapewa. Zaka zam'mbuyo akanamumeta asanalowe m'dziko, koma zinthu zinali zitasintha, ndipo anthu ngati iye anayamba kufika ndi zikwama kumsana. Dzina lake linatikanika, tinangomutcha Ndevu. Ine Chingerezi changa cha Sitandade 6 chinali chisanachite dzimbiri, ndiye nditamupeza akunyowa pakhonde la golosale ndinati, mlendo ndi mame, tiyeni kunyumba. Masiku ano mukanayamba mwamuuza mtengo wa chipinda, koma ife tinkaopa Mulungu.

Ndinamunyamulira chikwama, ndipo titafika anatulutsa ndalama kuti andipatse. Ndinakana. Mkazi wanga Asiyatu, mayi wake wa Amina, anamuphikira mpunga ndi chambo, nagwada kumuthirira madzi m'manja, ndipo munthu uja anafiira nkhope ngati walakwa. Chilichonse ankalemba m'kabuku: kutalika kwa moni wathu, chinangwa choviika m'madzi, amayi osenza nkhuni mwana ali kumsana. Tsiku lachiwiri anandifunsa kuti, "Kuno munthu akakuchitirani zabwino mumathokoza bwanji?"

Ndinati, "Timati zikomo."

"Basi?"

"Basi. Ukafuna uwombe m'manja."

Anapukusa mutu, n'kunena kuti kwawo zikomo wopanda kanthu m'manja ndi chipongwe, kuti wokubweretsera chakudya umamusiyira kenakake. Mwamva, ana inu? Anandiuza ndi pakamwa pake, koma ine ndinaseka, ndinati azungu akusauka ndi ndalama, mawuwo analowa khutu ili n'kutulukira linali. Anayesanso kundipatsa ndalama, ndinakananso mwaukali, mpaka anachita manyazi. Msewu utatseguka tinamuperekeza kubasi ndi kamba wa mtedza, ndipo sindinamuonenso.

Koma pa bawo anzanga anali atayamba kale kundinyogodola. "Che Bwanali, mzungu wanu uja amaseka kwambiri ndi alamu. Inu mukakhala kunyanja, Chingerezi amamasulira ndani?" Ndinkaseka nawo, koma mumtima munkatentha, pakuti ine ndinali munthu wa nsanje ndi mkwiyo wapafupi, ndipo Asiyatu anali wokongola, izi sindibisa.

Patapita masabata awiri ndinatola chitenje chake pa chingwe, ndipo ndinamva mfundo pa nsonga. Nditamasula ndinapeza kapepala kobiriwira, ndalama ya kwawo kwa Ndevu.

"Mayi a Amina, ichi n'chiyani?"

Anagwada. "Bambo a Amina, inali pansi pa mbale. Tsiku limene anapita, ndikuchotsa mbale, ndinaipeza pamenepo."

"Nanga osandiuza bwanji?"

"Ndinaona mmene munakalipira atafuna kukupatsani. Ndinaopa."

"Mbale! Unaona kuti munthu akulipira mbale? Mwamuna amabisira mkazi wa mwini ndalama chifukwa cha mpunga?"

Kwathu kuno, ana inu, ndalama yopatsa mkazi mobisa inali ndi tanthauzo limodzi lokha, ndipo ine sindinafune kumva lina. Analumbira m'dzina la Mulungu, analira mpaka mawu anatha. Ankhoswe anabwera, shehe anandiuza kuti ndidekhe, koma ine ndinkangomva kuseka kwa anzanga a pa bawo. Ndinamupatsa talaka, mawu omusudzula pa Chisilamu, osati kamodzi ayi, mpaka katatu, kuti anthu adziwe kuti Bwanali ndi mwamuna. Ndalama ija ndinaiponya pamoto. Asiyatu anabereka Amina kumsana, nasenza kamtolo ka zovala, napita kwa mlongo wake ku Dwangwa.

Zitatero nsomba zinayamba kuchepa, ukonde wanga unatha, ndipo patapita zaka ndinapeza ntchito pa malo ena ogona alendo m'mbali mwa nyanja. Tsiku loyamba anandituma kuchotsa mbale patebulo pamene panadyera agogo ena achizungu ndi amuna awo, nkhalamba zoyenda ndi ndodo. Nditanyamula mbale, pansi pake panali ndalama. Ndinathamangira nayo poganiza kuti aiwala, koma wophika anandigwira mkono akuseka.

"Mukupita kuti achimwene? Imeneyo ndi tipi. Onse amatero, amasiya pansi pa mbale. Ndi zikomo wa kwawo."

Ana inu! Ndinakhala pansi pomwepo, mbale ili m'manja, ndipo wophika uja ankaganiza kuti ndi malungo. Patebulo lachiwiri panali ndalama, lachitatu chimodzimodzi, ndipo mbale iliyonse imene ndinanyamula tsiku limenelo inkandiuza mawu a Asiyatu.

Loweruka lake ndinakwera minibasi kupita ku Dwangwa. Ndinamupeza akupeta mpunga pakhomo la mwamuna wina, wodula nzimbe, munthu wofatsa amene anandipatsa mpando n'kuchoka kuti tilankhule. Amina anatuluka, wamkulu ndithu, nandipatsa moni wa alendo, kenako anathamangira bambo uja akuitana kuti ababa. Ndinafotokoza zonse, za wophika, za nkhalamba zija, misozi ili mbwembwembwe. Asiyatu sanasiye kupeta. Nditamaliza anangoti, "Ndinakuuzani kuti inali pansi pa mbale."

Ndinanyamuka n'kubwerera kwathu. Madzi akatayika saoleka. Anamwalira zaka zingapo pambuyo pake, ndipo uthenga unandipeza atamuika kale, pakuti ndinali ndani ine kuti andiuze msanga?

Ndevu sindimuda ayi. Mwina ali kwawo, ndipo m'kabuku kake analemba kuti anthu a ku Nkhotakota ndi okoma mtima, sadziwa kuti zikomo wake anapasula nyumba. Koma ndikunama, sanapasule iye. Ndinapasula ndine, amene ndinamvera anthu a pa bawo kuposa munthu amene ankandiphikira. Lero ndimadziphikira ndekha, ndimatsuka mbale yanga imodzi ndekha, ndipo palibe tsiku limene ndimainyamula osamukumbukira.

Inu a masiku ano mukudziwa zambiri, mafoni akukuonetsani dziko lonse, koma mtima wa mwamuna ndi womwe uja, umathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Safunsa anadya phula, koma ine ndinafunsa, anandiyankha zoona, ndipo ndinakana kumva.

Rajabu, mdzukulu wanga, nyamuka dzuwa likadalipo. Pita ukakhale pansi ndi mkazi wako, umufunse mofatsa, ndipo akakuyankha, umve. Wako akadali pakhomo.