Mkonono ndi Chifu Chochepetsedwa

Pamzere wolandirira mankhwala, telala wina wonenepa, chala chili chomanga bandeji, ankangoyang'ana mayi wa patsogolo pake yemwe diresi linkamukhwepa.

"Pepanitu amayi, diresili n'lobwereka?"

"Ndi langa ndithu. Ndinkalidzaza lonseli madokotala asanandichepetse chifu."

"Chifunso amachepetsa? Munkafuna kubwerera ku utsikana?"

"Ayi, ndinkafuna kupuma. Ndikagona, mafuta ankandifinya pakhosi. Ndinkaliza mkonono, kenaka zii, mpweya osatuluka, mpaka bambo a kunyumba kundigwedeza poopa kuti ndapita."

Telala uja anasendera pafupi.

"Inetu ana anga amanena zomwezo. Masana ndimangosinza, dzulo singano ya makina yandiboola chalachi. Ndiye zinatheratu?"

"Zinkachepa pamene thupi linkatsika. Koma si masewera, mayi. Ndimadya ngati mwana, ndipo mavitamini ndikudikirawa ndi a moyo wonse."

"Nanga tulo take timakoma bwanji?"

"Ndinayambanso kulota! Posachedwapa ndinalota malemu mayi anga akundiluka tsitsi."

"Kulota? Ine sindikukumbuka n'komwe kuti ndinalota liti. Tandisungirani malo pamzerepa, ndikafunse anamwino khomo la dokotala wanuyo."