Manambala a Shire pa Benchi la Matemba

Moni nonse owerenga, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Ine ndakalamba tsopano, ndipo ndati ndisapite nayo kumanda nkhani ya mmene ntchito yanga ya zaka zisanu ndi chimodzi inasowera, kutangotsala masiku khumi kuti ndiitumize ku msonkhano wa akatswiri a sayansi ya makompyuta.

Inali nthawi ya chipani chimodzi. Ndinkagwira ntchito ya boma ku Liwonde, yoyeza madzi a mu Shire. M'mawa uliwonse ndinkaona pamene madzi alekeza pachitsulo choyezera, n'kulemba m'buku. Nditaphunzirako za kompyuta, ndinalemba pulogalamu yowerengetsa manambalawo kuti tizidziwiratu nyengo imene mtsinje udzatsike kapena kusefukira. Kompyuta yake sinali yonyamula m'chikwama ngati zanu za lerozi. Inali ku Zomba, yodzaza chipinda, ndipo ife a kumaboma tinkaigwira tsiku limodzi pa mwezi. Zotsatira zinkatuluka pa mapepala aatali opindapinda, amabowo m'mbali, loyera pamwamba, la kaboni pansi.

Kenako kunabwera kalata yolengeza msonkhano m'dziko loyandikana nalo. Wofuna kukayankhula kapena kukapachika positala, chipepala chachikulu choonetsa ntchito pakhoma, ankayenera kutumiza masamba awiri ofotokoza ntchito yake, pamodzi ndi zotsatira, tsiku lotsekera lisanadutse. Kwa munthu wonga ine, mwayi wotero sugogoda kawiri.

Masiku amenewo wantchito wa boma sankatumiza chilichonse kunja kwa dziko popanda chilolezo cha kulikulu. Ine, pofuna kuoneka wakhama, ndinamangirira mapepala oyera onse ku kalata yopempha chilolezoyo. Patatha miyezi iwiri chilolezo chinabwera, chidindo chili mbee, koma mapepala ayi. Ndinaimba foni, anati ali m'faelo. Kachiwiri sindinaimbe, chifukwa wofunsafunsa ankatchedwa wamwano, ndipo mwano unkasamutsa munthu ndi banja lomwe.

Ndinakwera basi ya ku Zomba kuti ndikasindikize ena. Ndinapeza makina atafa, chitsulo chake akudikira kuti chichokere kutsidya la nyanja. Ndinabwerera ndikudzitonthoza kuti a kaboni aja ndinawasunga m'sitolo ya ofesi. Nditatsekula, m'sitolomo munali mosesa bwino, mopanda ngakhale kachikutu. A Likoswe, mesenjala wathu, anandiuza kuti kunkabwera akuluakulu odzayendera ofesi, iwo analamulidwa kuchotsa zinyalala zonse, ndiye mapepalawo anagawira ogulitsa nsomba kuti azikulungira malonda.

Sindinawakalipire, anachita zimene anauzidwa. Ndinangotopa, kutopa kofika m'mafupa. Masiku atatu ndinkazungulira msika wa Liwonde ndikutolera mapepala onona pansi, tayi ili m'khosi, amayi ogulitsa akugwirana kuti bambo wa madzi uja mutu wayamba kuwayendera. Ndinkangopeza manyuzipepala akale. Kupemphera ndinasiya, ndipo sindibisa, ndinamukwiyira Mulungu.

Mkazi wanga ndiye anandidula pakamwa ndikudandaula. "Bambo a Grace, kulikulu mwaopa kufunsa kawiri, n'zomveka. Nanga Mulungu nayenso amasamutsa anthu?" Ndinagwada monyinyirika. Pemphero langa linali lalifupi: Ambuye, ine ndalephera, ngati kuli kotheka chitani inu.

M'mawa mwake a Likoswe anandipeza pachitsulo choyezera. Anati akumbukira kuti mtolo waukulu, wamabowo m'mbali, anatenga Che Saidi, mkulu wina wachisilamu wopikula matemba ku nyanja ya Chiuta, amene amadutsa pa Liwonde pa sitima, n'kukasintha pa Nkaya kukagulitsa ku Balaka. Panali patadutsa masabata atatu chiwapatsire. Ndinapita ku Balaka wopanda chiyembekezo, ndinkangofuna kuti mtima usadzanditsutse kuti sindinayese.

Ndinawapeza atakhala kuseri kwa benchi lawo, akukulunga matemba m'zidutswa za thumba la simenti. Nditafotokoza, anaweramira pansi pa benchi n'kutulutsa mtolo womangidwa ndi luzi, wokutidwa ndi nsalu. Sanang'ambepo tsamba ndi limodzi lomwe.

"Iyayi, achimwene," anatero. "Pepala lolembedwa ine sinding'amba mpaka wina andiwerengere. Mwina muli dzina la Mulungu, ndiye ndikulungiremo nsomba, anthu akapondeponde? Amene ndawaonetsa onse akuti sakumvapo kanthu. Tandiuzani inu eni ake, mulimo?"

Ndinawauza kuti ndi manambala a madzi a mu Shire basi. Anangogwedeza mutu n'kundipatsa. Ndinalira pamsika, pamaso pa anthu ogula ndiwo.

Madzulo a tsiku lomwelo ndinataipa masamba awiri aja pa taipi ya mnzanga wina wophunzitsa ku Balaka komweko, ndipo m'mawa envulopu inalowa papositi, ikununkha matemba. Kenako kunali zii kwa milungu isanu ndi umodzi, osadziwa ngati inafika nthawi yake. Yankho litabwera, linati ntchito yanga yalandiridwa, osati yokayankhula m'holo, koma ya positala. Ena akanaona ngati awachepetsa. Ine ndinajambula mizere ya madzi a Shire ndi dzanja pa chipepala chachikulu, ndinakachipachika pakhoma pakati pa madokotala a masamu, ndipo ndinaima pambali pake masiku awiri ndikuyankha mafunso mpaka mawu anasasa.

Ndikuthokoza Mulungu, abale anga, chifukwa sanayang'ane kuuma kwa mtima wanga. Inu amene mwatopa lero, amene ntchito ya manja anu yatayika kapena yakhazikidwa m'faelo ya munthu wina, musaleke kugwada, ngakhale pemphero litakhala la mawu asanu okha. Thandizo silivala yunifolomu, ndipo silifunsa kuti umapemphera kuti. Masiku onse amene ine, mkulu wa mpingo, ndinkathamangira maofesi kenako n'kumunyanyala Mulungu, ntchito yanga inali yosungidwa ndi munthu wosadziwa kuwerenga, amene ankamuopa Mulunguyo kuposa ine.