Miyendo Ikupitabe Kumudzi Wakale

Pa siteji ya basi ku Old Town, chaka chimene likulu linkasamuka ku Zomba, a Zikhale, osamalira maluwa ku Area 12, anayamba kudandaulira nesi amene anangokumana naye pamzere.

"Mayi, mudzi wathu anausamutsa kuti amange maofesi. Koma ndikaweruka, ndimangozindikira ndaima pomwe panali khomo langa. Kodi mutuwu wayamba kusokonekera?"

"Ayi, bambo. Madokotala amati chimene munthu amachita mobwerezabwereza chimalambula kanjira muubongo. Miyendo imangotsata musanaganize n'komwe."

"Nanga kanjirako kamatha?"

"Kamamera udzu mukazolowera njira yatsopano."

"Yatsopanoyo ndikuidziwa bwinobwino, mayi. Kungoti yakale ija inkandifikitsa kwa mkazi wanga, malemu, atakhala pakhonde. Iyi imangondifikitsa pa loko."